Zakumwa za zero zija kwa munthu wa shuga, abale ndithandizeni maganizo

MayiWakuChilomoni

Abale ndithandizeni maganizo chifukwa pakhomo panga nkhani ya chakumwa yafika potiyambanitsa. Abambo akunyumba anawapeza ndi matenda a shuga chaka chatha, ali ndi zaka 47, thupi ndi 88kg, ntchito yawo ndi ya udalaivala, amanyamula katundu kuchoka Blantyre kupita Lilongwe nthawi zina mpaka Mzuzu. Kuchipatala anawapatsa metformin ndi kapilisi kena kakang'ono ka glibenclamide nkuwauza kuti zoziziritsa kukhosi asiye, poti munthu wake anali wa mabotolo atatu pa tsiku, akuluakulu aja a 500ml.

Ndisawanamizire, anayesetsa. Mowa anasiya, tiyi akumwa wopanda shuga olo amachita kumwa atakwinya nkhope, nsima ndimawagawira mitanda iwiri basi. Koma mnzawo wina wakuntchito anawauza kuti pali za zero zopanda shuga, nde kuyambira pomwepo zinalowa m'magazi. Pano ndi mabotolo anayi pa tsiku, amenewo ndi okhawo amene ine ndimawerenga, poti ena amagula pa filling station ali pa ulendo ine ndimangopeza mabotolo pansi pa mpando ndikamakatenga chikwama chawo. Madzi enieni samwa, botolo lomwe ndimawaikira m'mawa limabwerako lodzadza mmene ndinaliperekera, litangofunda ndi dzuwa.

Chabwino chomwe ndaona nchakuti shuga watsikako, kale makina ankaonetsa 14 kaya 15, pano m'mawa ndi 7 kapena 8. Koma sagona, amangotembenukatembenuka mpaka 1 koloko, akudandaula mano akamwa chozizira, komanso kugeya ndi chilungulira usiku.

Tsono dzana alamu anga, achemwali awo a abambowa, atumiza voice note pa gulu la banja pa WhatsApp kuti a WHO ananena kuti mu zakumwa zimenezi muli mankhwala oyambitsa khansa, ndipo ine amene ndimagula ndikuwaphera mlongo wawo pang'onopang'ono. Abale ndinalira. Nditawauza eni ake anangondiyang'ana nkunena kuti "mowa mwandilanda, shuga mwandilanda, nsima mukundipimira, kamodzi komwe katsalaka mukufuna mundilandenso?" Ndinasowa poyankha.

Nde funso langa, za khansazi nzoona? Anayi pa tsiku ndi ochuluka? Kapena bola abwerere ku wamba uja koma azimwa limodzi lokha pa tsiku? Amene mukudziwa chonde, sindikufuna kukangana ndi munthu, ndikungofuna abambo a ana angawa akhale ndi moyo.

Achimwene_Johannesburg

Mayi chinthu chimodzi chokha ndikupempheni, asabwerere ku wamba, olo limodzi. Tembenuzani botolo muwerenge nokha, cola wamba amakhala ndi shuga magalamu pafupifupi 10 mu 100ml iliyonse, nde botolo la 500ml ndi magalamu opitirira 50, ndiye kuti masupuni a tiyi 12 kaya 13 m'botolo limodzi. Atatu aja ankamwa kale anali masupuni pafupifupi 40 pa tsiku, tangoganizani munthu atakhala pansi ndi paketi ya shuga nkumatapa ndi supuni ka 40. A WHO omwewo amati shuga wothira asapitirire magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, bola 25, ndipo apo akunena munthu wabwinobwino osati wa matenda a shuga.

Ine ndili kuno zaka 9, ndimagwira ntchito ya ulonda, usiku wonse ndinkakhalira 2 litre ya wamba ndi buledi, thupi linafika 104kg mawondo kumalira ndikamakwera masitepe. Nditasinthira ku zero nkuchepetsa buledi ndinatsika kufika 91. Nde ine sindingaitukwane, inandithandiza.

Komanso alamu anuwo mwina akumwanso zomwezo osadziwa. Kuno ku South Africa boma linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu April 2018, chakumwa chikapitirira magalamu 4 a shuga mu 100ml kampani imalipira, nde makampani ambiri anachepetsa shuga nkuthiramo zotsekemera zomwe amathira mu za zero zija. Moti olo ugule chomwe sichinalembedwe zero kapena diet, ukawerenga timalemba ting'onoting'ono kumbuyo upeza aspartame, acesulfame K kapena sucralose. Ndipo katundu wambiri wa m'mashopu kumudziko amachokera konkuno. Timaufa tosungunula tija ana amakonda, chingamu, ma squash otchipa, ma yoghurt ena, zambiri zilimo. Tikati tiope ndiye tiope zonse. Asiyeni madala amwe, munthu wasiya kale zambiri.

Namwino_wopuma

Mayi choyamba pukutani misozi, simukupha munthu. Ndinagwira unamwino zaka zambiri, zomalizira zake ku kiliniki ya shuga ndi BP, nde funso ili si lachilendo kwa ine. Ndilemba motalika, mundipirire.

Za khansazo alamu anu sanapeke, koma anangoimva theka nkhaniyo. Mu July 2023 nthambi ya WHO yoona za khansa, IARC, yomwe ili ku Lyon ku France, inaika aspartame, chotsekemera chomwe amathira mu za zero m'malo mwa shuga, mu gulu lomwe amalitcha 2B. Magulu amenewa sanena kuti chinthu nchoopsa motani, amanena kuti umboni wake ndi wochuluka motani. Gulu 1 ndi la zinthu zomwe umboni unakwana kale kuti zimayambitsa khansa, mmenemo muli fodya, mowa, nyama zokonzedwa ku fakitale monga soseji ndi polony, komanso poizoni wa chuku chija cha mtedza ndi chimanga chosungidwa ponyowa. Mu 2A muli nyama yofiira, ya ng'ombe, ya mbuzi, ya nkhumba. 2B ndi kunena kuti pali kaumboni kochepa kosakhutiritsa, tisatseke nkhani tifufuzebe. Nde onani, mowa umene amuna anu anasiya ndiye uli mu gulu 1, apa achita kutsika makwerero awiri.

Nthawi yomweyo komiti ina ya WHO ndi FAO (bungwe la dziko lonse loona za chakudya ndi ulimi) yotchedwa JECFA, yomwe ntchito yake nkuyeza mlingo womwe munthu angadye, inati mlingo wakale ukhale momwemo, 40mg pa kilo iliyonse ya thupi pa tsiku. Anapereka okha chitsanzo kuti ngati chitini chimodzi chili ndi 200 mpaka 300mg, munthu wa 70kg angafunike kumwa zitini zopitirira 9 mpaka 14 tsiku lililonse kuti adutse malire. Kwa amuna anu a 88kg malire ndi 3,520mg. Mabotolo anayi ndi malita awiri, ngati zitini 6, olo titenge chiwerengero chapamwamba chija ndi 1,800mg, theka chabe. Nde ngati nkhawa ndi khansa yokha, mtima ukhale m'malo.

Koma apa ndisiyane pang'ono ndi achimwene a ku Johannesburg. Kunena kuti za khansa zakokomezedwa sikunena kuti chakumwachi ndi madzi. Pali kafukufuku wotsatira anthu kwa zaka zambiri yemwe amangobwereza uthenga umodzi. Wa ku Framingham ku America yemwe anatuluka mu 2017 anapeza kuti omwa za diet tsiku lililonse ankagwidwa sitiroko yotseka mtsempha pafupifupi katatu kuposa osamwa. Wina wa 2019 wa amayi opitirira 80,000 osiya kusamba anapeza kuti omwa kawiri kapena kuposa pa tsiku sitiroko inali yokwera ndi 23%. Ku France anatsatira anthu opitirira 100,000 nkupezanso kuti odya zotsekemera zimenezi kwambiri matenda a mtima ndi mitsempha anali okwererako. Kuwerenga zokhazi munthu ukhoza kutaya botolo pompo. Koma dzifunseni, amene amathamangira za zero ndani? Ndi uja wanenepa kale, uja amupeza kale ndi shuga kapena BP, ngati amuna anuwa. Zili ngati kuwerenga anthu oyenda ndi ndodo nkupeza kuti ambiri mawondo amawapweteka, kenako nkumati ndodo ndi imene ikupweteketsa mawondo. Ofufuza amayesetsa kupatula zimenezi koma sizipatuka zonse. Komabe ine sindizitaya, poti zikutuluka m'maiko osiyanasiyana, komanso ku Israel a Weizmann Institute anaonetsa pa mbewa mu 2014, kenako pa anthu 120 mu 2022, kuti zotsekemera zina monga saccharin ndi sucralose zimasintha tizilombo tabwino ta m'matumbo ndi mmene thupi limalandirira shuga. Nchifukwa chake mu May 2023 a WHO anati munthu asadalire zotsekemera zimenezi pofuna kuchepetsa thupi, bola azolowere zosatsekemera. Langizo limenelo sanaphatikizemo anthu omwe ali kale ndi matenda a shuga, kwa iwowo zero imaposabe wamba, apo achimwene anena zoona.

Tsono chomwe chandiopsa ine mu zomwe mwalembazi si khansa ayi. Ndi mawu awiri, glibenclamide ndi udalaivala. Metformin payekha kawirikawiri satsitsa shuga mopitirira, koma glibenclamide amakankha kapamba kutulutsa insulin, yemwe amatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kaya sanadye. Munthu wamwa kapilisi m'mawa, wanyamuka 5 koloko, akuti ndikadya pa Ntcheu, pa Ntcheu pomwe wadutsa poti wachedwa, shuga nkutsika pansi pa 4. Amayamba kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, mtima kugunda, maso kuchita chidima, ena amangokwiya popanda chifukwa kapena kuyankhula ngati aledzera. Pamenepo akatenga botolo la zero kuti limuthandize, lilime limva kutsekemera koma m'magazi simulowa kanthu, shuga apitirira kutsika munthu ali pa chiwongolero pa M1. Ndinaonapo bambo wina anabwera naye atakomoka, akubanja akuti tinamumwetsa chakumwa botolo lonse koma sanatsitsimuke, atatulutsa botolo lija m'jumbo linali la diet. Sanalakwe mwadala, panalibe anawauzapo.

Nde chonde, m'galimoto muzikhala shuga weniweni. Masupuni a tiyi 3 kapena 4 osungunula m'madzi, kapena maswiti angapo, kapena theka la kapu ya chakumwa cha wamba chija, apa pokha ndi pomwe chimasanduka mankhwala. Aime pambali, amwe, adikire mphindi 15, ngati sizinasinthe abwereze, zikasintha adye chakudya chenicheni asananyamuke poti glibenclamide amakhalitsa m'thupi, shuga akhoza kutsikanso. Munthu akakomoka musamuthire chakumwa m'kamwa angatsamwe, m'gonekeni cham'mbali muthamange naye kuchipatala. Ndipo akapita ku kiliniki akanene poyera kuti ndi dalaivala wa maulendo ataliatali ndipo nthawi yodyera siidziwika, adokotala aone ngati mankhwalawo akuwayenera.

China chomwe ndinkachiona kawirikawiri, munthu akamwa zero mumtima amati ndasunga, nde ndionjezere. Chipisi cha pachiwaya pa Zalewa, mandasi atatu, kanyenya, zonse kutsitsira ndi zero nkumadabwa kuti sikelo siikusuntha. Afunseni bwinobwino zomwe amadya pa msewu, mwina nkhani yaikulu ili pamenepo kuposa m'botolomo. Awayezenso impso ndi BP, shuga amadya impso mwakachetechete, ndipo ma cola akuda amakhala ndi phosphoric acid yemwe odwala impso amauzidwa kuti achepetse.

Anayi ndi ambiri mayi. Osati chifukwa adutsa malire a aspartame, koma chifukwa alanda malo a madzi.

Aphunzitsi_a_Std6

Ine ndiyankhepo za mano zokha poti ndi zomwe zinandichitikira. Ndilibe matenda a shuga, ndinayamba za diet pofuna kuchepetsa thupi nditabereka mwana wachitatu. Kamwedwe kanga kanali koti botolo lili pa tebulo m'kalasi, ndikalemba pa bolodi ndimwe pang'ono, ndikachonga makope ndimwe pang'ono, botolo limodzi kuyambira 8 mpaka 12, lina masana. Ndinkadziona wochenjera kuti sindikugugudiza.

Patatha zaka ngati zitatu mano anayamba kuyayamira, madzi a m'mawa a mu June kumachita kundilasa mpaka m'mutu, kumapeto kwa mano akutsogoloku kunapyapyala ukayang'ana pagalasi kumaoneka ngati kuwala kukudutsa, mtundu nkusanduka wachikasu olo nditsuke bwanji. Dokotala wa mano atangoyang'ana anafunsa kuti mayi mumamwa chani, ine nkuyankha monyadira kuti zopanda shuga zokhazokha. Anati shuga ndi amene amadyetsa tizilombo toboola mano, koma apa sipanaboole tizilombo, pasungunuka ndi asidi. Anandifotokozera kuti chikuto cholimba cha dzino chija chimayamba kusungunuka asidi wa m'kamwa akachuluka mpaka muyeso wake wotchedwa pH kutsika pansi pa 5.5 (nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka), pamene zakumwa za gasi zimenezi zimakhala cha m'ma 2.5 mpaka 3 ndi pang'ono, kaya za shuga kaya za zero, poti phosphoric acid ndi citric acid alimo monsemo. Ukamwa kamodzi malovu amatenga kanthawi kukonza m'kamwa, nde ine ndi kapang'onopang'ono kanga kaja malovu sankapeza mpata, mano ankakhala mu asidi tsiku lonse. Chomwe chinandipweteka mtima nchakuti chikutocho chikapita chapita, sichimeranso.

Nde amuna anu ngati amayendetsa botolo lili pambali nkumapsontha msewu wonse kuchoka Blantyre mpaka Lilongwe, akuchita zomwe ndinkachita ine. Zomwe anandiuza ine ndi izi, ngati ukumwa imwa nthawi imodzi pamodzi ndi chakudya uthane nazo, gwiritsa straw, ukamaliza tsukuluza m'kamwa ndi madzi, ndipo usathamangire mswachi pompo poti dzino limakhala litafewa umachita kulipala, dikira mphindi 30 kapena ola. Komanso paja anthu a shuga nkhama zawo sizichedwa kutupa ndi kutuluka magazi, m'kamwa mumaumanso, nde apite akawaone mano asanafike pozula. Ine awiri akutsogolo anachita kuwamata, ndalama yake ndinalipira miyezi itatu.

Madala_a_ku_Ntcheu

Ana inu mukuvutikiranji ndi zinthu za m'mafakitale zoti dzina lake lomwe lilime limakana kutchula. Ife tinakula ndi thobwa, bambo anga ankalima tsiku lonse ndi chipanda cha thobwa basi ndipo anafika zaka 80 mano onse ali m'kamwa. Mayi aphikireni amuna anu thobwa la mawere muziwathirira m'botolo ponyamuka, kapena madzi a malambe, bwemba, chidede, uchi pang'ono m'malo mwa shuga. Mulungu anatipatsa zonse. Matenda a shugawa kumudzi kunalibe, abwera ndi mabotolo omwewa. Ndikunena ndi mtima wabwino, ndataya anzanga awiri ndi matenda amenewa, mmodzi anachita kumudula mwendo.

Namwino_wopuma

Bambo a ku Ntcheu, pepani ndi anzanuwo, ndipo mfundo yanu yoti tinasiya zakudya zathu nkuthamangira za m'mabotolo ndikuivomera ndi manja awiri. Koma pa thobwa ndiloleni ndikane mwaulemu, poti mayiwa akhoza kuphika mawa lomwe. Thobwa ndi phala la ufa wa chimanga lothira chimera, ndipo ntchito ya chimera ndi kuswa ufa uja kuti usanduke shuga, nchifukwa chake limatsekemera lisanathiridwe kalikonse, kenako ambiri amathiranso shuga pamwamba. Bambo anu ankamwa ali ndi khasu m'manja, shuga yense ankapsa ndi ntchito. Awa akhala pa mpando maola 6 kapena 10, kapamba wawo ndi wotopa kale. Botolo la 500ml la thobwa likweza shuga wawo kuposa zero yomwe tikuikambayi. Malambe ndi bwemba paokha ndi zabwino koma poti nzowawasa anthu amathira shuga wambiri kuti zimweke, ndipo asidi wake manonso amawadya. Uchi ndi shuga, mzimbe ndi shuga, juwisi wa zipatso wofinya ndi shuga, thupi silifunsa kuti wachokera ku njuchi kapena ku Nchalo. Chidede chosathira kanthu, tiyi wosathira kanthu, madzi ozizira oponyamo kachidutswa ka ndimu kapena nkhaka, izi ndiye amwe. Ndipo kumudzi matendawa aliko bambo, kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza akuluakulu pafupifupi 6 pa 100 aliwonse ali ndi shuga, mmodzi mwa atatu ali ndi BP, akumudzi omwe, kungoti ambiri sanayezetsepo.

Sisi_wa_ku_Leeds

Palibe wakambapo za tulo nde ndilowepo. Sisi, mu cola wa zero shuga anachotsamo koma caffeine anamusiya. Botolo la 500ml limakhala ndi pafupifupi 50mg, anayi ndi cha m'ma 200mg, kuonjezera tiyi wam'mawa ndi ena aja simuwaonawo. Kwa munthu wamkulu malire omwe amanena ndi 400mg nde sanadutse, koma vuto ndi nthawi yomwe akumwera, caffeine amatenga maola ngati 5 kuti theka lake lokha lichoke m'thupi, nde botolo la 6 koloko madzulo pofika 11 likadali m'mutu. Sagona, m'mawa adzuka wotopa, pa msewu tulo tiwagwira, agula botolo lina kuti maso atseguke, usiku sagonanso, kumangozungulira pomwepo. Ine ndimasamalira okalamba ma shift a usiku nde ndinalowamo mu mtondo umenewu, ndikudziwa. Ndipo kusagona pakokha kumakweza shuga ndi BP, kwa dalaivala ndiye ndi ngozi ina payokha. Chilunguliracho gasi ndi caffeine zimachikolezera, makamaka munthu akamwa nkupita kukagona. Kwa amene ali oyembekezera mukuwerenga, kuno amati caffeine asapitirire 200mg pa tsiku kuphatikiza tiyi ndi khofi.

Mukaona pa botolo palembedwa za phenylalanine musadzidzimuke, ndi chenjezo la anthu obadwa ndi matenda osowa otchedwa PKU omwe thupi lawo silitha kugaya chinthu chimenecho, kuno mwana aliyense amamubaya kachidendene ali ndi masiku 5 kuyeza zimenezi. Kwa ena tonsefe phenylalanine timadya kale mu mazira, mkaka, nyemba ndi nsomba.

Koma sisi mawu a amuna anu aja andikhudza, oti mwandilanda zonse. Munthu ameneyu pa chaka chimodzi wasiya mowa, wasiya shuga, watsitsa 15 kufika 7, alipo wamuuzapo kuti mwachita bwino? Mukabwera ndi mawu oti siyani, amva ngati khoti. Ine ndinatsika pang'onopang'ono, kuchoka zitini 5 kufika 3 kenako imodzi, lamulo langa linali loti ikakwana 2 koloko masana basi, ndipo ndinazindikira kuti chomwe ndinkafuna kwenikweni si kutsekemera koma kuzizira ndi kulasa kwa gasi pakhosi, nde soda water wozizira ndi kandimu anandigwira dzanja. Madzi omwe mumawaikira aja akufunda nchifukwa chake sakumwa. Ikani botolo mu freezer usiku liume gwa, mulikulunge kathaulo, lizisungunuka pa msewu.

MayiWakuChilomoni

Abale zikomo nonse, ndachedwa kubwera poti ndimadikira abwere ku ulendo kuti tikhale pansi. Ndinatsatira malangizo a sisi a ku Leeds, sindinayambe ndi botolo, ndinayamba nkuwathokoza, kenako ndinawapatsa foni kuti awerenge okha zomwe analemba anamwino.

Atafika pa za kunjenjemera paja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandiuza chinthu chomwe anandibisira kuyambira mwezi wa March. Akuti tsiku lina atadutsa Kasungu kulowera ku Jenda asanadye kanthu chichokereni m'mawa, manja anayamba kunjenjemera, malaya kunyowa ndi thukuta, msewu kumaoneka pawiri. Anamwa zero yomwe inali pambali botolo lonse osasintha kanthu, mwamwayi anaimika galimoto pambali, mayi wina wogulitsa nthochi ndi amene anawaona atatsamira chitseko nkuwapatsa nthochi zitatu, atadya mpamene maso anayera. Iwo ankaganiza kuti ndi malungo akuyamba kapena kutopa, sanadziwe kuti ndi shuga watsika, ndipo sanandiuze kuopa kuti ndiwaletsa ntchito. Abale thupi langa linazizira. Ine kumalirira khansa ya pa voice note pamene munthu anatsala pang'ono kuthera pa msewu.

Usiku womwewo ndinathira shuga mu kabotolo kouma ndi maswiti m'kajumbo, zili mu kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto, ndalembapo ndi marker kuti aliyense aone. Ndayambanso kuwalongedzera chakudya, mazira owiritsa, mtedza wosankha bwino ndi mbatata pang'ono, kuti asamadikire kufika pa trading centre. Za mabotolo anasankha okha kuti ayambe ndi awiri, limodzi pa nkhomaliro, ndipo ikadutsa 2 koloko ayi. Masiku atatu oyamba mutu unkawapweteka ndipo ankangokwiyakwiya, koma dzulo anagona 10 koloko mpaka ndinachita kuwadzutsa. Botolo la madzi oundana lija labwerako lopanda kanthu kawiri konse. Bambo a ku Ntcheu thobwa ndiphikira ana, koma chidede ndagula ku msika wa Limbe ndiyesa chosathira shuga.

Ku kiliniki tikupita limodzi Lachinayi, ndalemba papepala za Jenda zija, za impso ndi za mankhwala kuti asakabise. Alamu anga ndinawaimbira foni osati pa gulu, tinayankhulana bwino, iwonso ndi mantha chabe poti mayi awo anapita ndi matenda omwewa.

Aphunzitsi, mano akadali kuyayamira, m'mawa uno analephera kumwa madzi a m'firiji mpaka anachita kusakaniza ndi ofunda. Mankhwala otsukira mano aja amati ndi a mano oyayamira anakuthandizani inu, kapena tisataye ndalama tingopita kwa dokotala wa mano kaye?